Kodi Ndisiye Ntchito ya mu Lesitilanti?

Ntchito ya mu lesitilanti ndi yowawa. Inu amene mumaigwira mukudziwa bwino. Mumadzuka tambala woyamba kukatunga madzi ndi kukoleza moto. Tsiku lonse muli chiimire. Kuphika nsima ndi inu, kukazinga nsomba ndi inu, kuperekera anthu ndi inu, kutsuka mbale ndi masefuliya ndi inu nomwe. Mwezi ukatha, nthawi zina bwana amangoti, "Badikirani, malonda sanayende."

Ndiye tsiku lina mnzanu akuimbirani foni. Akuti ku Liwonde kapena ku Balaka kuli malo a ntchito, ndipo malipiro ake ndi ochuluka. Mtima wanu uyamba kuthamanga. Kodi mupite? Kodi mukhale?

Nkhani imeneyi ndi yaikulu. Pa ntchito yanuyo pali chakudya cha ana, pali sopo, pali makope a kusukulu. Mukalakwitsa, banja lonse limva kuwawa. Tsopano popeza mwadziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, tengani kope ndi pensulo. Tiganize nkhaniyi pamodzi.

1. CHIKUKUWAWANI N'CHIYANI?

Poyamba lembani m'kope zonse zimene zikukuwawani pa ntchito. Musabise. Mukatha, muzigawe m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi mavuto amene amatha okha. Kuno kwa Ngokwe malonda a chakudya amayenda ndi nyengo. Anthu akakolola mpunga ndi nandolo amakhala ndi ndalama, ndipo lesitilanti imadzaza. Ogula makumba, milamba ndi matemba ku Nyanja ya Chiuta nawonso amafuna tiyi ndi nsima. Koma mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya njala, odya amachepa. M'mwezi wa Ramadan nawo odya masana amachepa, chifukwa abale athu Asilamu amakhala akusala. Pa nthawi zotere bwana sachedwa kupsa mtima. Vuto lotere limadutsa.

Gulu lachiwiri ndi mavuto amene angathe mutakambirana. Mwina malipiro ndi ochepa. Mwina mulibe tsiku lopuma. Mwina mbale ikasweka amakudulani ndalama osakufunsani mmene yaswekera. Mwina ndalama zikaperewera m'kabati amangoloza inu. Izi n'zofunika kukhala pansi ndi bwana.

Gulu lachitatu ndi mavuto amene munthu sayenera kupirira. Kumenyedwa. Kutukwanidwa tsiku ndi tsiku pamaso pa anthu. Kugwira ntchito miyezi ingapo osalandira kanthu. Kugwiridwagwiridwa thupi, kapena kuuzidwa kuti mugone ndi bwana kuti ntchito isathe. Lamulo la Gender Equality Act la chaka cha 2013 limaletsa khalidwe lomalizali, ndipo mungathe kukadandaula kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Ngati mavuto anu ali m'gulu ili, musadikire malipiro ochuluka kwina. Moyo ndi ulemu wanu ziposa ndalama.

2. ZIMENE LAMULO LIMANENA

Anthu ambiri amapirira chifukwa sadziwa kuti dziko lili ndi lamulo la ntchito. Lamuloli dzina lake ndi Employment Act, ndipo Nyumba ya Malamulo inalikhazikitsa m'chaka cha 2000. Limateteza wophika, woperekera zakudya ndi wotsuka mbale yemwe. Nazi mfundo zina zofunika kuzidziwa.

Maola. Maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Munthu wogwira masiku 6 pa sabata agwire maola 8 pa tsiku. Akagwira masiku 6 otsatizana, apume tsiku lathunthu.

Ovataimu. Maola owonjezera pa tsiku la ntchito ali ndi malipiro ake: ola limodzi limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma, ola limodzi limalipidwa ngati maola awiri.

Tchuthi. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pa chaka. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a tchuthi cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse.

Pepala la mgwirizano. Bwana amene ali ndi antchito 5 kapena kuposerapo ayenera kupatsa wantchito aliyense pepala lonena za ntchito yake, malipiro ake ndi maola ake, mwezi woyamba usanathe.

Malipiro otsikitsitsa. Boma limaika ndalama imene bwana sayenera kutsikapo polipira wantchito. Mu Januwale 2021 ndalamayi inali K50,000 pa mwezi. Mu Febuluwale 2024 inakwera kufika K90,000. Mu Juni 2025 inafika K126,000, ndipo ya mabizinesi ang'onoang'ono inafika K105,000. Ndalama imeneyi imasinthasintha. Kuti mudziwe ya chaka chino, kafunseni ku ofesi ya leba ya m'boma lanu.

N'chifukwa chiyani imakwera chotere? Chifukwa kwacha yakhala ikuchepa mphamvu. Mu Meyi 2022 mphamvu yake inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera. Choncho ngati malipiro anu sanasinthe kwa zaka ziwiri, dziwani kuti atsika, ngakhale nambala yake ili yomweyo.

Tiyeni tiwerengere maola. Tiyerekeze kuti mumayamba 6 koloko m'mawa ndi kuweruka 8 koloko usiku. Amenewo ndi maola 14. Tichotsepo maola 2 opuma ndi kudya. Atsala 12. Pa masiku 6, maola onse ndi 72. Chotsani 48 pa 72. Atsala maola 24. Amenewo ndi maola a ovataimu pa sabata imodzi yokha. Werengani anu, mulembe m'kope.

3. YAMBANI MWALANKHULA NDI BWANA

Musanamange katundu, yesani kulankhula. Kupeza munthu wodziwa kuphika nsima ya anthu 30 osapsereza n'kovuta, ndipo eni malesitilanti amadziwa zimenezi. Wantchito wokhulupirika akachoka, makasitomala ena amachoka naye.

Sankhani nthawi yabwino. Musalankhule masana anthu atadzaza, kapena tsiku limene mwakangana. Dikirani madzulo mbale zitatsukidwa. Lankhulani mwaulemu, koma momveka. Munganene chotere:

"Bwana, ndimafuna tikambiraneko pang'ono. Ndagwira pano zaka ziwiri ndipo sindinajombepo popanda chifukwa. Zinthu zakwera mtengo. Ndikupempha kuti mundiwonjezereko malipiro, ndiponso mundipatse tsiku limodzi lopuma pa sabata."

Ngati mwini wake ndi mayi, nenani kuti "Mayi". Pemphani zinthu ziwiri kapena zitatu zokha, zimene zili zofunika koposa. Akavomera, pemphani kuti zilembedwe pa pepala ndipo nonse musayine. Akakana, musatukwane. Thokozani, mubwerere ku ntchito. Tsopano mwadziwa pamene mwaima.

4. MALIPIRO OCHULUKA SI NDALAMA YOCHULUKA NTHAWI ZONSE

Apa ndiye pagona nkhani. Anthu ambiri amayerekeza malipiro a kuno ndi malipiro a uko, basi. Kumeneko n'kulakwitsa. Chofunika kuyerekeza ndi ndalama imene itsale m'manja mwanu mwezi ukatha.

Ku Liwonde ndi ku Balaka malesitilanti amagulitsa kwambiri. Kumadutsa mabasi, malole ndi sitima ya pamtunda. Ku Liwonde kumafikanso alendo odzaona nyama ku Liwonde National Park. N'chifukwa chake malipiro angathe kukhala okwererapo. Koma m'tauni chilichonse n'chogula. Nyumba ya lendi, madzi ogula, makala ogula, ngakhale masamba a ndiwo ogula.

Nachi chitsanzo. Manambala awa ndi ongoyerekeza, kuti muone njira yowerengera. Inu mudzaikemo anu enieni.

Tiyerekeze mayi wina akugwira pa lesitilanti yapafupi ndi kwawo. Amagona m'nyumba yake. Amapita ku ntchito wapansi. Amadya ku ntchito komweko, ndipo kunyumba kuli chimanga cha m'munda.

Malipiro: K70,000
Sopo, mchere, mayunitsi ndi zina: K15,000
Yotsala: K55,000

Malipiro amenewa ndi ochepera pa zimene boma linaika mu 2025, ndipo mayiyu ali ndi chifukwa chodandaulira. Tsono wamva za ntchito ku Liwonde ya K130,000. Tiwerengere.

Malipiro: K130,000
Lendi ya chipinda: K30,000
Chakudya: K40,000
Makala, madzi, sopo ndi mayunitsi: K25,000
Ulendo wokaona ana kumudzi kamodzi pa mwezi: K15,000
Zonse zotuluka: K110,000
Yotsala: K20,000

Mwaona? Malipiro akwera ndi K60,000, koma ndalama yotsala m'manja yatsika ndi K35,000. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Tsopano tisinthe pang'ono. Tiyerekeze kuti bwana wa ku Liwondeyo akupereka malo ogona ndi chakudya. Lendi yachoka, ndalama ya chakudya yachokanso. Zotuluka zatsala K40,000. Chotsani K40,000 pa K130,000. Yotsala ndi K90,000. Apa ndiye kusamuka kuli ndi phindu. Ntchito ndi yomweyo, malipiro ndi omwewo, koma yankho lasintha. N'chifukwa chake tikuti werengerani.

Pali zinanso zimene sizioneka msanga. Mukachoka, adzalima munda ndani? Adzaokera mpunga ndani? Mukalemba aganyu, ndalama yake ilembeni pa zotuluka. Munda ukagonera, chimanga cha chaka chonse mudzagula. Nanga ana adzatsala ndi yani? Nanga zopereka zanu za ku banki mkhonde kapena ku chipereganyu zidzayenda bwanji? Kumbukiraninso kuti pa ntchito yatsopano malipiro oyamba amabwera mwezi ukatha, pamene mwini nyumba amafuna lendi tsiku lolowa. Ngati mulibe kandalama kosunga, mudzagwa m'katapila musanalandire ndi tambala yomwe.

5. FUNSANI MUSANAVOMERE

Safunsa anadya phula. Mawu a pa foni okha si okwanira. Ngati n'kotheka, pitani pa tsiku lanu lopuma mukaone malowo ndi maso anu. Gulani kapu ya tiyi, mukhale pansi, muone mmene bwana amalankhulira ndi antchito ake. Kenaka funsani mafunso awa:

Kodi malipiro ndi angati, ndipo amaperekedwa tsiku liti?

Kodi ntchito imayamba nthawi yanji ndi kutha nthawi yanji?

Kodi tsiku lopuma ndi liti?

Kodi chakudya ndi malo ogona zilipo? Ngati zilipo, kodi amadula pa malipiro?

Kodi mbale ikasweka kapena ndalama ikaperewera, zimatha bwanji?

Kodi pali miyezi yoyeserera? Ndi ingati? Pa nthawi yoyeserera ntchito ingathe kutha tsiku lililonse popanda notisi.

Kodi munthu amene anali pa malo amenewa anachokeranji?

Funso lomalizali kafunseni kwa antchito anzanu, bwana palibe. Ngati pa malo amodzi padutsa anthu anayi m'chaka chimodzi, pali chifukwa. Ngati antchito akale akunena kuti malipiro amachedwa, kwa inunso adzachedwa. K70,000 imene imabwera mwezi ndi mwezi iposa K130,000 imene ili pakamwa pokha.

Onaninso ngati pali chimene mudzaphunzire. Ntchito yotsuka mbale imakhala yomweyo kulikonse. Koma pamalo pamene mudzaphunzire kuphika zakudya zatsopano, kuphika buledi kapena kusunga buku la ndalama, pali tsogolo. Luso silitha ngati ndalama. Ambiri amene lero ali ndi tiyirumu kapena chiwaya cha tchipisi anaphunzirira kukhitchini ya munthu wina. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno. Mungathe kufunsa alangizi a zachitukuko za maphunziro otere.

6. NANGA ZA KU JONI?

M'maboma a Machinga, Balaka ndi Mangochi, anyamata ndi atsikana ambiri amapita ku South Africa. Ena amapezadi ntchito m'malesitilanti ndi m'mashopu, ndipo amanga nyumba za malata kumudzi. Izi n'zoona. Koma masamu aja ndi omwewo, kungoti manambala ake ndi aakulu: pasipoti, basi, lendi, chakudya, ndi miyezi yokhala osagwira ntchito.

Dziwaninso izi. Chidindo chimene amadinda m'pasipoti pachipata ndi cha mlendo wodzacheza, si chilolezo cha ntchito. Munthu wopanda chilolezo amakhala mwamantha, ndipo bwana akamubera amaopa kukadandaula. Ogwidwa amawasunga ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kuwabweza kwawo. M'zaka za 2008, 2015 ndi 2019 kunabuka ziwawa zothamangitsa alendo, ndipo Amalawi ambiri anabwerera chimanjamanja.

Chenjerani ndi munthu wonena kuti, "Ine ndilipira zonse, inu mudzabweza mukayamba ntchito." Chenjerani ndi wofuna kukusungirani pasipoti. Amayi ena a ku Malawi anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, koma anakapezeka ali m'nyumba za anthu, akugwira ngati akapolo. Kutenga anthu mwachinyengo chotere ndi mlandu waukulu pa lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015.

7. NGATI MWAGANIZA ZOCHOKA, TULUKIRANI PAKHOMO

Musasiye ntchito tsiku limene mwakwiya. Gonani kaye masiku angapo. Kambiranani ndi amuna anu kapena akazi anu, ngakhalenso amalume. Musasiye ntchito yakale musanatsimikize kuti yatsopano ilipodi, ndiponso tsiku loyambira. Komanso musalonjeze mabwana awiri nthawi imodzi. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Perekani notisi. Lamulo limati wolandira malipiro pa mwezi apereke notisi ya mwezi umodzi. Wolandira pa sabata, amene sanathe zaka ziwiri pa ntchitoyo, apereke notisi ya sabata imodzi. Mukangothawa usiku, bwana ali ndi mphamvu yofuna kuti mumulipire ndalama ya masiku a notisiwo. Koma ngati khalidwe la bwana lafika poti munthu sangapirire, monga mavuto a m'gulu lachitatu aja, lamulo limakulolani kuchoka popanda notisi.

Notisi ikhale yolemba. Nayi kalata imene mungatsanzire:

Mudzi wa ..........
T/A Ngokwe
Machinga
Tsiku: ..........

Okondedwa Bwana,

KUSIYA NTCHITO

Ndikukudziwitsani kuti ndidzasiya ntchito pa .......... Kalata ino ndi notisi yanga ya mwezi umodzi. Ndikupempha kuti mundikonzere malipiro anga onse, ndalama ya masiku a tchuthi amene sindinapite, ndi kalata ya umboni woti ndinagwira ntchito pano. Zikomo chifukwa cha zonse zimene ndaphunzira.

Ine wantchito wanu,
..........

Lembani makalata awiri ofanana. Imodzi mupereke, inayo bwana asayine ndipo musunge.

Ntchito ikatha, lamulo limati malipiro anu onse aperekedwe masiku 7 asanathe. Masiku a tchuthi amene simunapite nawonso amalipidwa. Kalata ya umboni ndi ufulu wanu mukaipempha. Isungeni m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi chiphaso chanu cha unzika, chifukwa idzakuthandizani pofuna ntchito ina. Ngati munatenga ngongole kwa bwana, werengeranani pamaso pa mboni. Bwezani makiyi, epuloni ndi chilichonse cha eni ake.

Pali ndalama ina imene pa Chingerezi amati severance allowance. Imeneyi amalandira munthu amene wagwira chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo wachotsedwa chifukwa bizinesi yavuta, kapena wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha mwa kufuna kwake salandira. Choncho ngati mwamva kuti lesitilanti ili pafupi kutsekedwa, yambani mwafunsa ku leba musanalembe kalata yosiya.

Bwana akakana kukulipirani, pitani ku ofesi ya leba. Tengani kope lanu lija. Ngati munkalemba masiku amene munagwira ndi ndalama zimene munalandira, mlandu wanu sudzavuta. Wochotsedwa mopanda chilungamo akadandaule miyezi itatu isanathe. Nkhani ikakanika ku leba, imapita ku khoti la nkhani za ntchito, lotchedwa Industrial Relations Court.

Chokani mwamtendere. Dziko ndi laling'ono. Eni malesitilanti a ku Nselema, ku Ntaja ndi ku Liwonde amakumana m'misika ndi m'maminibasi, ndipo amafunsana za antchito. Mwinanso kumene mukupitako zinthu sizidzayenda, ndipo mudzafuna kubwerera. Amene anatsanzika bwino amagogoda pakhomo popanda manyazi.

8. NGATI MWAGANIZA ZOKHALA

Kukhala si kugonja. Ngati masamu aonetsa kuti pakali pano kuli bwino kukhala, khalani ndi cholinga. Lembani m'kope tsiku lililonse limene mwagwira ndi ndalama iliyonse imene mwalandira. Sungani kenakake mwezi ndi mwezi ku banki mkhonde, ku Airtel Money kapena ku Mpamba, mpaka ikwane ndalama yodyera miyezi iwiri. Phunzirani ntchito zonse za pamalopo, kuyambira kugula ndiwo mpaka kuwerengera phindu. Ikatha miyezi 6, tsegulaninso kope muwerengere kachiwiri. Munthu amene ali ndi kandalama kosunga ndi luso m'manja amasankha ntchito mosathamanga.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Tchulani magulu atatu a mavuto a pa ntchito. Perekani chitsanzo chimodzi pa gulu lililonse.

2. Kodi lamulo limati munthu agwire maola angati pa sabata?

3. Bambo wina amalandira K80,000 ndipo amawononga K20,000. Kwina amulonjeza K140,000, koma adzawononga K95,000. Kodi ndalama yambiri itsala kuti? Kusiyana kwake ndi ndalama zingati?

4. Kodi wolandira malipiro pa mwezi apereke notisi ya nthawi yaitali bwanji?

5. Lembani m'kope mwanu kalata yosiya ntchito. Muwerengere mnzanu mokweza.